Tachulukitsa sukulu za anamwino, nanga wowaphunzitsa m'wodi ali kuti?

Dzinja lapitali ndinagona pa simenti ya chipatala china cha boma kwa sabata yathunthu ndi masiku awiri, ndili gadiyani wa azakhali anga. Ali ndi shuga, ndiye atatsegula m'mimba anafookeratu mpaka maso kulowa. Usiku wachiwiri, cha m'ma 1 koloko, dripu inasiya kudontha, mkono n'kuyamba kutupa. Ndinapita kukaitana. Amene anabwera ndi mtsikana wa sukulu ya unamwino, yunifolomu yosita bwino, kawotchi kali pachifuwa. Anamanga mkono wina, kusisita, kubaya. Sanaupeze msempha. Anabayanso, osaupeza. Pofika kachinayi manja ake anali akunjenjemera ngati wagwidwa ndi malungo.

"Pepani amayi, misempha yanu yathawa," anatero.

Azakhali, ngakhale mawu anali akutuluka movutikira, anamuyankha kuti, "Mwana wanga, usachite mantha, mkonowu suthawa. Yesanso."

Namwino weniweni wa usiku umenewo anali mmodzi yekha m'wodi yodzaza mpaka odwala ena anagona pansi. Nthawi imeneyo anali kumapeto uko, pa mayi wina amene ankabanika. Atabwera anangogwira kuseri kwa dzanja la azakhali, kubaya kamodzi, magazi n'kuonekera. Sanathe n'kumata pulasitala komwe, wina anali atakuwa kale kuti "a nesi!" Anathamanga. Mtsikana uja anatsala chilili, atagwira thonje. Usiku umenewo sanaphunzire kupeza msempha wa munthu amene watha madzi m'thupi. Anaphunzira manyazi basi.

Sindikumuda mtsikanayo, ndipo namwino uja ndimamuthokoza mpaka lero. Chimene ndikudandaula n'chakuti dziko lino lathira ndalama ndi nzeru zambiri pomanga makalasi a anamwino, koma lasiya mwamwayi malo amene munthu amasandukira namwino, pambali pa bedi la wodwala. Ntchito yophunzitsa m'wodi tainyamulitsa munthu amene wasenza kale katundu wa anthu atatu, ndipo sitimupatsa nthawi, udindo kapena malipiro ake.

Kuti timvetsane, tiyenera kukumbukira kumene tachokera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 zipatala zathu zinali m'madzi. Edzi inadzaza mawodi n'kutenganso ogwira ntchito ena, pomwe anamwino odziwa ntchito anali kukwera ndege kupita ku Britain. Mu 2004 boma linayambitsa ndondomeko yapadera yopulumutsa zinthu, mothandizidwa ndi dziko la Britain lomwelo ndi Global Fund. Malipiro a magulu angapo a ogwira ntchito zachipatala anawonjezeredwa ndi 52 peresenti, ndipo makoleji anapatsidwa ndalama kuti azitenga ophunzira ambiri. Kamuzu College of Nursing, imene inatsegulidwa mu 1979 ndipo kuyambira 2021 ili m'kati mwa Kamuzu University of Health Sciences, inakula. Malawi College of Health Sciences nayo inakula. Makoleji a mipingo amene ali pansi pa CHAM, monga Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo, Mulanje Mission, St Luke's ku Malosa, St Joseph's ku Nguludi, Holy Family ku Phalombe ndi Trinity ku Muona, anawonjezera mahositelo ndi makalasi. Yunivesite ya Mzuzu inayamba kupereka digiri ya unamwino. Zinali zoyenera, ndipo phindu lake likuoneka. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2000 anapeza kuti amayi 1,120 pa ana 100,000 obadwa amoyo ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Mu 2004 anali 984, mu 2010 anali 675, ndipo wa 2015 mpaka 2016 anapeza 439. Pofika nthawi imeneyo amayi 9 mwa 10 alionse ankachirira kuchipatala, osatinso kwa azamba a m'mudzi amene boma linawaletsa mu 2007.

Ndiye taonani chimene manambala omwewa akutiuza. Amayi anamvera. Anasiya zochirira kunyumba, amabwera kuchidikiro ndi mtolo wa nkhuni, chitenje ndi beseni. Ngati mayi akumwalirabe lero, nthawi zambiri sakufera kuchikuta kwa agogo ake, akufera m'manja mwathu, mkati mwa mpanda wa chipatala kapena mu ambulansi yochokera kuchipatala chaching'ono. Nkhondo yasamuka. Funso silili loti kodi pali namwino, koma loti namwino alipoyo anaona msanga kapena ayi, ndipo ataona anadziwa chochita kapena ayi.

Makalasi anachuluka koma mawodi sanachuluke mofanana. Pitani ku chipatala chachikulu chilichonse m'mawa nthawi ya pulakitikolo, mukapeza ophunzira a makoleji atatu kapena anayi, yunifolomu zosiyanasiyana, ataunjikana pa bedi limodzi ngati nkhuku pa madeya. Wakutsogolo akuona, wakumbuyo akuona misana ya anzake. Ku leba n'kumene kumamvetsa chisoni, chifukwa wophunzira uzamba aliyense ali ndi kabuku kamene kayenera kudzaza ndi chiwerengero cha amayi amene wawachiritsa asanalembe mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi. Mayi amene akumva ululu amasanduka siginecha yolimbirana. Kabuku kamadzaza ndithu. Koma siginecha imangochitira umboni kuti mwana anabadwa wophunzirayo ali pomwepo. Sinena ngati pali amene anamuyang'anitsitsa manja, n'kumuuza kuti apa walakwitsa, bwereza.

Usiku zinthu zimatembenuka. Aphunzitsi a kukoleji ali kunyumba, gulu lija labalalika, ndipo wophunzira amene masana sanapeze mpata wogwira wodwala amasiyiridwa theka la wodi. Amakhala wantchito waulere wotseka mpata wa namwino amene boma silinamulembe. Ena amati ndiko kukhwima kumeneko, munthu amaphunzira kusambira ataponyedwa m'madzi. Iwalani zimenezo. Amene amamira pa kuphunzira kotereku si wophunzira, ndi azakhali a munthu wina.

Ndipo wophunzira wosayang'aniridwa sakhala osaphunzira kanthu. Amatola zimene wapeza. Make mbuu, mwana mbuu. Akapeza kuti m'wodi muno BP imalembedwa pa fayilo popanda kuyeza chifukwa makina ndi amodzi ndipo mabatire anatha, nayenso adzalemba. Akapeza kuti pepala lolondolera mmene mayi akuyendera pa nthawi yochira limadzazidwa mwana atabadwa kale, kuti akuluakulu akabwera aone kuti zonse zili m'malo, adzadziwa kuti pepalalo ndi la akuluakulu, osati la mayi. Akamva mzamba akukalipira mayi kuti "pamene munkachita zimenezi ine ndinalipo?", chaka chamawa mawu omwewo adzatuluka m'kamwa mwake. M'kalasi anamuphunzitsa zolondola, ndipo mayeso anakhoza. Koma pakati pa buku ndi sisita wa m'wodi, wophunzira amatsata sisita.

Anthu ambiri amaganiza kuti luso la namwino ndi kubaya jakisoni. Jakisoni ndi kachinthu kakang'ono. Luso lenileni ndi diso. Mwana wa miyezi isanu ndi umodzi akabwera ndi chifuwa, namwino wodziwa amavundukula kamalaya n'kuwerenga mpweya kwa mphindi yathunthu, osati kungoyerekeza. Akafika 50 pa mphindi, ndi chibayo mpaka zitatsimikizika kuti si chimenecho. Kwa mwana wa chaka chimodzi kufika zisanu malire ndi 40. Mayi akachira, magazi opitirira theka la lita ndi ngozi, koma theka la lita likamwazikana pa zitenje ziwiri ndi pa pepala la pulasitiki silioneka ngati lambiri. Namwino amene anaphunzitsidwa bwino amabaya mayi mankhwala a oxytocin oteteza kutaya magazi mwana akangobadwa, amagwira pamimba kuona ngati chiberekero chalimba, ndipo amabweranso kudzagwira osadikira kuitanidwa. Khanda likabadwa osalira pamakhala mphindi imodzi yokha yoti liumitsidwe, lisisitidwe kumsana, ndipo ngati silikupumabe lipatsidwe mpweya ndi kathumba kopopera. Mayi wapakati amene BP yakwera, mutu ukumuwawa ndipo maso akuchita chidima, akufunika mankhwala a magnesium sulphate asanayambe kukomoka. Zonsezi zili m'mabuku, ndipo wophunzira wa chaka chachiwiri akhoza kukulakatulirani. Koma kuti manja azichite okha 3 koloko ya usiku, magetsi atazima, foni ili kukamwa ngati tochi, pamafunika kuti munthu anazichitapo kambirimbiri wina atamuimirira pambali.

Palinso nkhani ya chilankhulo, imene makoleji amaiona ngati yaing'ono. Maphunziro onse ndi a m'Chingerezi, koma wodwala sadwala m'Chingerezi. Gogo amene wabwera ndi mdzukulu sanena kuti mwana watha madzi m'thupi, amati watsika liwombo, ndipo mwina wamumata kale mankhwala achikuda pamutu. Mtsikana wokulira ku Area 47 ku Lilongwe akatumizidwa ku Mangochi kapena ku Nsanje ayenera kuphunzira kumva zimene anthu akutanthauza m'Chiyao kapena m'Chisena, komanso zimene sakunena chifukwa cha manyazi. Amene angamuphunzitse zimenezi ndi namwino amene wakhala m'deralo zaka khumi.

Sindikulota zinthu za kunja. Umboni wakuti kuphunzitsa anthu pamalo pawo pa ntchito kumapulumutsa miyoyo unachokera ku Blantyre konkuno. Ku Queen Elizabeth Central Hospital, ana odwala ankakhala pamzere malinga ndi amene wafika msanga, moti wina ankatsirizika ali kumbuyo kwa mayi ake pomwe kutsogolo akuthandiza wa chimfine. Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anasintha zimenezi cha m'ma 2001. Anaphunzitsa ogwira ntchito, makamaka anamwino, kuyang'ana mwana aliyense akangolowa pakhomo: akupuma bwanji, manja azizira kapena ayi, wakomoka, akugwedezeka, watha madzi. Wopezeka ndi chimodzi mwa izi amadumpha mzere n'kuthandizidwa pomwepo. Imfa za ana ogonekedwa zinatsika kuchoka pakati pa 10 ndi 18 peresenti kufika pakati pa 6 ndi 8 peresenti. Njirayi, yotchedwa ETAT, bungwe la WHO linaitenga n'kuifalitsa m'maiko ena. Panalibe mankhwala odabwitsa. Anthu anaphunzitsidwa pa ana enieni, m'chipinda chimene amagwiramo ntchito, mobwerezabwereza, ndipo owaphunzitsa sananyamuke maphunziro atatha. Mu 2011 Malawi inakhalanso dziko loyamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense wapakati wopezeka ndi kachilombo, ndipo zinatheka chifukwa anamwino a kusikelo anakhulupiriridwa kuyambitsa mankhwalawo, magulu owayendera n'kumafika pachipatala chilichonse miyezi itatu iliyonse kudzaona kaundula limodzi nawo. Tikafuna, timadziwa mmene zimachitikira.

Nanga n'chifukwa chiyani maphunziro ambiri a anamwino amene ali kale pa ntchito amachitikira ku hotela za kunyanja? Tonse tikudziwa mmene zimakhalira. Bungwe lina likabwera ndi pulojekiti, limaitana anthu makumi atatu ku Salima kapena ku Mangochi kwa masiku asanu. Kumakhala tiyi wa 10 koloko, zikwama zolembedwa dzina la bungwe, chithunzi cha gulu ndi alawansi. Kawirikawiri opita ndi omwewo, amene ali pafupi ndi ofesi yosankha maina, ndipo ena a iwo anasiya kalekale kugwira odwala. Kuwodi kumatsala munthu mmodzi ndi ana a sukulu. Wobwerako amayenera kudzaphunzitsa anzake, koma anzakewo amati, "Wadya wekha, ugwirenso wekha." Chikwama chimapita kwa mwana wa sukulu, buku limalowa mu diloo.

Ndikudziwa yankho lake, ndipo si lopusa. Malipiro a namwino satha mwezi. Alawansi ya wekishopu ndi lokamu, ndalama ya mashifiti owonjezera, ndizo zimalipira fizi ya ana ndi lendi. Kumuchotsera zimenezo osamupatsa china n'kumulanga kawiri. Ndikuvomereza. N'chifukwa chake sindikunena kuti ndalamazo zibwerere kwa eni ake. Ndikunena kuti zitsate ntchito. Ndalama ya chipinda cha hotela, mafuta a galimoto ndi zikwama ikhoza kulipira namwino wodziwa kuti aziphunzitsa anzake m'wodi mwawo momwemo sabata iliyonse, n'kutsalanso yogulira mabatire a makina a BP aja. Khonsolo ya anamwino imafuna kale kuti aliyense azisonyeza kuti akupitiriza kuphunzira posonkhanitsa mapointi asanakonzenso chiphaso chake. Mapointi amenewo azilemera kwambiri akachokera pa zimene munthu wasonyeza ndi manja pamaso pa mnzake, kusiyana ndi siginecha ya pa kaundula wa msonkhano. Popeza thandizo la dziko la America linachepa mu 2025, nthawi ya mawekishopu ikutha yokha. Kuli bwino tikonze tokha njira ina isanatigwere.

Ena amati vutoli lithetsedwa ndi zipinda zoyeserera, momwe muli zidole zopuma, zochira, zotuluka magazi. Zidolezi n'zabwino, ndipo koleji iliyonse iyenera kukhala nazo zogwira ntchito, osati zotsekeredwa m'kabati kudikira alendo. Kuli bwino wophunzira alakwitse kakhumi pa mkono wa pulasitiki asanafike pa mkono wa azakhali anga. Koma chidole sichitha madzi m'thupi, sichilira, sichikana mankhwala ponena kuti abusa aletsa, ndipo chilibe gadiyani woima pambali akuyang'ana mokwiya. Chidole chimafupikitsa ulendo, sichiuthetsa.

Enanso amati yankho ndi digiri, kuti namwino wa dipuloma wa zaka zitatu akweze maphunziro afanane ndi wa zaka zinayi. Sinditsutsa kuphunzira. Dziko likufunika anamwino a masitazi ndi a PhD oti aziphunzitsa ndi kuchita kafukufuku. Koma taonani kumene makwerero athu amathera. Namwino akamakwera amatalikira bedi. Amakhala metironi, kenaka kuofesi ya boma, kenaka ku bungwe kumene kuli galimoto ya ma 4x4 ndi laputopu. Amene wasankha kukhalabe pa odwala zaka makumi awiri, amene amadziwa ndi kungoyang'ana kuti mayi uyu safika m'mawa tikapanda kuchitapo kanthu, amaoneka ngati wotsalira. Timalanga luso limene tikulifuna. Payenera kukhala njira yoti munthu akwere giredi ndi malipiro ali m'wodi momwemo, ndipo khomo lake likhale kuphunzitsa ena.

Chimene ndikupempha Unduna wa Zaumoyo si chachilendo. Makoleji ena anayesapo kale kuphunzitsa anamwino a m'mawodi kuti aziyang'anira ophunzira, koma nthawi zambiri zimatha pulojekiti ikatha, chifukwa munthuyo amangowonjezeredwa dzina, odwala ake osachepa ngakhale mmodzi. Udindowu ulembedwe pa mndandanda wa maudindo a boma. Wodi iliyonse yolandira ophunzira ikhale ndi namwino amene ntchito yake yoyamba ndi ophunzirawo, masana ndi usiku womwe, ndipo koleji imene yatumiza ana ithirepo gawo la fizi imene yatolera. Khonsolo nayo isamangowerenga madesiki ndi mabuku a m'laibulale polola koleji kutenga ophunzira. Izifunsa kuti ana awa akagwira odwala ati, ndipo adzawaimirira ndani. Koleji imene ilibe yankho ichepetse chiwerengero, ngakhale zitakhudza thumba.

Pamenepa ndi pomwe anthu amandidzudzula. Amati dziko limene anamwino ndi ochepa chonchi lingachepetse bwanji ophunzira? Funsoli likanakhala ndi mphamvu zikanakhala kuti aliyense womaliza sukulu akulowa ntchito. Koma kwa zaka zingapo tsopano National Organisation of Nurses and Midwives of Malawi yakhala ikulira kuti anamwino ambirimbiri amene anakhoza mayeso a khonsolo ali pakhomo, ena akugulitsa kaunjika, ena ayamba kufunafuna njira zopitira kunja. Timawakumbukira kukagwa mliri. Covid-19 itafika mu 2020 ena analembedwa mwachangu. Kolera imene inayamba mu March 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 inachititsanso kuti ena aitanidwe pa makontilakiti a miyezi yowerengeka. Ndipo kolera ndi matenda amene amaonetsa poyera zimene ndikunenazi, chifukwa moyo wa wodwala umadalira munthu wotha kupeza msempha umene wathawa. Namwino amene wakhala zaka ziwiri osagwira wodwala manja ake amachita dzimbiri. Tikuthira madzi mu ndowa yobooka, n'kumadzitama ndi kukula kwa mpopi. Kulemba ntchito amene ali pakhomowa ndi kumene kungamasule namwino wamkulu kuti aphunzitse. Nkhani ziwirizi ndi imodzi.

Ndalama zichokera kuti? Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ndipo ife zaka zambiri timalephera kufikapo. Koma ngakhale tisanafike kumeneko, tiwerengere zimene tikutaya kale: fizi ya wophunzira amene akamaliza akakhala pakhomo, mafuta a ambulansi yonyamula mayi amene akanathandizidwa pachipatala chaching'ono akanaonedwa msanga, masiku owonjezera amene wodwala amagona chifukwa bala la opaleshoni lachita mafinya.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri kuchipatala kuja, dripu ya mayi wa bedi loyandikana nafe inafunika kusinthidwa. Anali masana, ndipo pa ntchito panali sisita wina wachikulire, wa imvi za m'mbali, woyenda mokoka mwendo. Anaitana mtsikana yemwe uja. Sanamulande singano. Anamuuza kuti atsitse mkono wa wodwalayo m'munsi mwa bedi, adikire, asiye kufuna msempha ndi maso koma aufufuze ndi nsonga ya chala. "Waumva? Ukudumpha ngati kalabala. Usaime chilili, khala pansi. Goneka singano, usaimike ngati ukubzala chinangwa." Anaika dzanja lake pamwamba pa dzanja la mtsikanayo. Magazi anaonekera ulendo woyamba. Mtsikanayo anatulutsa mpweya umene ndikuganiza kuti anausunga kuyambira usiku uja.

Zinatenga mphindi khumi kapena kuposerapo, ndipo mankhwala a masana anachedwa. Magadiyani awiri anayamba kung'ung'udza pakhomo kuti manesi a masiku ano amangocheza. Sisitayo sanawayankhe, anakoka thirole yake n'kuyamba kugawa mapiritsi. Madzulo ndinakumana naye pa mpopi akutsuka kapu yake, ndipo ndinamuthokoza. Anaseka n'kunena kuti anawa amabwera ambiri, sangawagwire dzanja onse, amangosankha amene wamuona kuti watsala pang'ono kutaya mtima. Anandiuzanso kuti mwezi wa June akupuma pa ntchito, akupita kumudzi kukalima mtedza.